Kuyankha chivomezi

Kwathu, kumapiri a ku Ntchisi, chivomezi chikabwera munthu aliyense ankayenera kuyankha. Akuluakulu ankati ndi Chauta akudutsa pansi pa nthaka kuwerenga anthu ake. Azimayi ankathamangira ku mitondo n'kumaigogoda ndi minsi, ena onse n'kufuula kuti, "Tilipo!" Ankati wosayankha sawerengedwa, ndipo wosawerengedwa saona dzinja lina.

Chaka chimene ndinayamba kulemba m'kabuku m'malo mwa sileti, chivomezi chinabwera masana, chimanga chikumasula. Nkhuku ndizo zinayamba kukhala chete. Kenako kunamveka mkokomo kuchokera kuchigwa, ngati ng'ombe zambiri zikuthamanga m'kati mwa phiri, dothi la pakhoma n'kuyamba kuyoyoka. Mudzi wonse unayankha. Ngakhale ine, amene mawu anga sankamveka n'komwe m'kalasi, ndinanong'ona. Koma mng'ono wanga anali chigonere pamphasa, thupi likutentha, ndipo sanatsegule pakamwa.

Azakhali anangomuyang'ana nthawi yaitali n'kutuluka. Madzulo amayi sanamukakamize phala monga ankachitira.

M'mawa mwake kusukulu ya mishoni, aphunzitsi anatola miyala iwiri yaphanthiphanthi, anaigundanitsa, n'kuikankha mpaka umodzi unatsetsereka mwadzidzidzi. Anati pansi pathu pali matanthwe aakulu ong'aluka, makamaka kumene mapiri athu amatsikira kuchigwa. Amakanikizana zaka zambiri, ndipo lina likaterereka nthaka yonse imanjenjemera. Anawonjeza kuti thanthwe silikhazikika tsiku limodzi, pambuyo pake pamabwera tizivomezi tina ting'onoting'ono.

Ndinakweza mkono, koyamba chiyambireni sukulu.

"Aphunzitsi, ndiye kuti chibweranso?"

"Mwina lero, mwina mawa, mwana wanga. Ukachimva utuluke m'nyumba msanga."

Za miyalazo ndinazimva ndipo ndinazikhulupirira. Koma mumtima ndinati, ngati chikubweranso, ndiye kuti kuwerenga sikunathe.

Ndinapempha amayi kuti tizimugoneka mng'ono wanga panja, pamthunzi wa mtengo, kutali ndi makhoma. Pambali pake ndinaika chikho cha madzi, chifukwa tsiku lija ndinaona madzi a mumtsuko akuyamba kugwedezeka ife tisanamve kanthu. Kusukulu sindinapitenso. Ndinangokhala, kumuingitsa ntchentche, maso ali m'chikho.

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka, anthu ali kumunda, njiwa zinaleka kulira. Kunalibe mphepo, tsamba ndi limodzi lomwe silinagwedezeke, koma madzi aja anachita makwinya. Ndinachimva m'miyendo, chofooka, ngati munthu akutembenuka m'tulo pansi panga. Palibe mtondo umene unalira m'mudzi monse.

"Yankha iwe," ndinatero ndikumugwedeza phewa. "Nena kuti ndilipo."

Milomo yake youma inasuntha, mawu osatuluka. Madzi anali atayamba kudekha. Ndinaimirira n'kufuula kuti, "Ndilipo!" Kenako ndinachepetsa mawu kuti afanane ndi ake, n'kufuulanso.

Phiri la kutsidya limabweza mawu a aliyense, ana a m'mudzi tinkasewera nalo. Tsiku limenelo linabweza amodzi okha, aang'ono aja.

Madzulo anamwa madzi a m'chikho chomwecho, ndipo mwezi usanathe anali akuthamangitsa mbuzi. M'kabuku ndinalemba kuti matanthwe asunthanso pang'ono, monga ananenera aphunzitsi. Za phiri sindinalembe. Mitambo ya dzinja lotsatira itayamba kusonkhana, iye ankavina pabwalo, ine ndili pakhonde, ndikudikira kuona ngati ineyo ndinawerengedwa.