Mmene Tinaichizira Chifuwa Njinga Yamoto

Ine ndimaimba. Pokumba kachewere ndimaimba, potunga madzi ndimaimba, ngakhale pano ndikulemba ndi zilembo zanga zopendama za sukulu ya kwacha, pakamwa sipali duu. Ndiye lekani ndiimbe za njinga yamoto ya amuna anga.

Amuna anga ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini, m'phiri la Dedza. Macheka aja anawadya makutu. Ukawaitana uli kumbuyo, unkangokhala ngati ukuitana chitsa. Koma manja, mayo ine manja! Chitsulo chilichonse chinkawamvera.

Njingayo anaigula yakale kwa mphunzitsi wina wa kuchigwa kotentha kuja. Kumeneko akuti inkathamanga ngati gwape. Itakwera kwathu kuno inayamba chifuwa. Kutsokomola, utsi wakuda bii, ndipo kukangogwa chifunga inkati phu phu phu, n'kuzima.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mayi wina wogulitsa nyemba anandipatsa uthenga wochokera ku Mayani, kumene mwana wanga woyamba anatengedwa chitengwa. Wachira, mwana wamkazi! Ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Koma uthengawo unali utagona panjira. Mchombo wa khandalo unali utauma kale, mawa ugwa. Kwathu mchombo ukagwa, mwana amatuluka m'chikuta, m'nyumba muja amabindikira ndi amake, ndipo womutulutsa n'kumuonetsa dzuwa ndinayenera kukhala ine, mayi wa amake. Ndikachedwa, amutulutsa ndi asewere anga, amake a mpongozi wangayo. Munthu wabwino asewerewo, koma nyimbo amaiyambira pakati. Mdzukulu wanga woyamba aone dzuwa ndi nyimbo yoduka mutu? Ayi ndithu!

Basi ya ku Mayani inkabwera ikafuna. Wapansi, bondo langa linakana. Inatsala njinga ija.

Kunacha ndi chifunga cha mbuu, mitengo ikudontha. Ndinamanga ufa, nyemba ndi tambala, khadi la chipani ndalimangirira pamfundo ya chitenje, poti popanda ilo pamsika sunkadutsa. Amuna anga anaponda kiki. Inalira, n'kuzima. Anapondanso, n'kugwira kachipewa kakuda kamene kamavala pulagi, kachitsulo koyatsa moto mu injini.

"Mayo! Yandiluma!"

"Ili ndi mano tsopano?" ndinakuwa m'khutu mwawo.

"Sekani, amayi ake, sekani. Asewere anu akunola kale lumo lometera khanda."

Ndinaleka kuseka pomwepo.

Anavula kachipewako n'kundionetsa mng'alu wochepa ngati tsitsi. Akuti madzi akalowa pamenepo, moto m'malo motsikira m'pulagi umathawira kunja. Chipewa chatsopano chinali ku Lilongwe, ife tili ku Dedza. Anakaumika pafupi ndi moto, anasungunula utomoni wa paini pachigoba, n'kumata mng'aluwo. Waya anaudula kunsonga kumene unachita dzimbiri, n'kuupoteranso m'kati. Kenaka anacheka chubu chakale cha njinga yakapalasa.

"Sokani apa. Kakhale ngati kachisoti ka khanda, kotsika mpaka m'khosi."

Ndinasoka ndi singano yomwe ndinasokera tizovala ta mdzukuluyo. Njinga inavala chisoti mdzukulu wanga asanavale!

Anaiwaza madzi dala, n'kuponda kiki. Inalira osazima. Ndinayamba kale kukwera, iwo n'kundikoka chitenje.

"Dikirani. Ikumwa kwambiri iyi, pachitunda choyamba itisiya."

Anamasula pulagi ndi sipanala. Inali yakuda ngati kunsi kwa mphika. Anandiuza kuti kabuleta ndi kamphika kosakaniza petulo ndi mpweya. Kuchigwa mpweya ndi wolemera, kuno kumapiri ndi wopepuka, ndiye njingayo inkameza petulo wokhathamira ngati phala losathira madzi. M'mbali mwa kamphikako munali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Nthawi zonse ankakapota mongoyerekeza, poti kamafuna khutu, ndipo khutu analibe.

Anandiyang'ana, ndinawayang'ana.

"Khutu lija mumavutitsa nalo anzanu kukwaya ya ku Bembeke, bwerani nalo kuno."

"Lero lakhala labwino? Si paja mumati ndimamva ndi za eni zomwe?"

"Mwati chiyani?"

"Ndati potani!"

Ndinagwada m'matope, khutu pafupi ndi injini. Tinagwirizana kuti ikakwera mawu ndikweza dzanja, ikatsika nditsitsa. Anapota pang'ono ndi nsonga ya mpeni. Inali kubuula ngati ng'ombe yokhuta. Ndinaigwira mawu ake kukhosi, n'kumang'ung'udza nayo. Anapotanso, inakwera, ine nayo. Anapotanso, inakwera, dzanja langa lili m'mwamba ngati ndikuimbitsa. Anapitiriza, basi inayamba kulira mopyapyala, kubanika ngati mtsikana woyamba nyimbo pamwamba mosayesa mmero. Ndinawamenya paphewa.

"Bwererani! Mwaipha ndi njala!"

Anabwerera pang'ono, pang'ononso. Pamenepo! Du du du du, mofanana, mosadukiza, ngati akazi awiri ogwirizana pamtondo umodzi. Ndinaponyapo nyimbo pompo:

Njinga iwe usagone,
mwana wanga wabala,
njinga iwe usagone,
dzuwa likudikira!

Iwo sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Anangoona mapewa anga akuvina, n'kuchotsa mpeni.

Masiku amenewo mkazi sankavala buluku, ndiye ndinakhala chammbali, miyendo mbali imodzi, tambala pamiyendo, dzanja m'chiuno mwa amuna anga pamaso pa mudzi wonse. Mawawa anatipeza panjira. Tinadutsa m'zithaphwi, madzi thavu thavu mpaka pachisoti chija, njinga osatsokomola ngakhale kamodzi. Pachitunda chachikulu inatsika mawu, mtima wanga n'kutsika nawo. Ndinaikuwira nyimbo yake ija, inakoka, inakoka, tinatulukira pamwamba tambala akulira.

Tinafika dzuwa litang'amba chifunga. Pakhomo akazi ali mbwee, mphasa yoyala, asewere ali pakhonde lumo kumanja. Mchombo unali utagwa m'mawa womwewo.

"Asewere, mwachita mwayi," anatero. "Ndinali nditagwira kale chitseko. Ndiye tamva nyimbo ikutsika phiri, njinga ikuvomereza. Ndati amisala amenewa ndi athu, tiyeni tiwadikire."

"Mukanamutulutsa ndikanamubwezera m'nyumba!"

"Kasambeni m'manja uko, mwada ngati wootcha makala. Mwana wathu musatidetsere."

Ndinasamba ndi phulusa, koma utomoni wa paini suchoka msanga. Ndinalowa, mwana wanga akumwetulira pamphasa, n'kundipatsa kanthu kofunda, kopepuka ngati nkhunda. Ndinatuluka nako padzuwa. Nyimbo ndinaiyamba ine, kumutu kwake kwenikweni, asewere n'kuvomereza. Kuseri amuna anga anali atamasulanso pulagi, akuionetsa mpongozi wawo, yofiirira ngati mtedza wokazinga. Ndipo pashawelo yoyera ya mdzukulu wanga panatsala chala changa chakuda, chonunkhira paini ndi petulo.