Magazi a alamu anga, zotsatira za ndani?

Lamlungu lapitali pakhonde pa achimwene anga panali polemera. Ngakhale tiyi amene anatipatsa anazizira m'makapu.

Akazi awo, a Esinati, amatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Zaka zawo zapitirira makumi anayi, ndipo ali ndi pakati pa miyezi itatu. Mwana wawo woyamba, namwino ku Blantyre, ndiye anabwera ndi nkhani. Akuti pachipatala china cholipira amatenga magazi pamkono pa mayi, n'kuona ngati mwana wam'mimbayo angabadwe ndi vuto lomwe madokotala amati Down syndrome. Singano sifika pamimba. Anachenjezanso kuti kuyezako kumangolozera, sikutsimikiza.

"Kayezetseni, tidziwe chochita," anatero achimwene.

"Chochita chanji?" anafunsa a Esinati.

Kenako mayi anga, apongozi awo, anakonza kukhosi. "Akakapeza choncho, zidziwike kuti kumtundu kwathu kulibe zimenezo."

A Esinati anangoyang'ana zala zawo zothimbirira ndi masamba a tiyi.

Pondiperekeza kukakwera minibasi ndi pomwe anamasuka. "Alamu, ine kudziwa ndikufuna. Ndikadziwa ndikonzekeretsa mtima, ndikachirira kuchipatala chachikulu. Mwanayu ndi wanga, kaya abwera bwanji. Koma ndikadziwa lero, mawa mulayini monse muno mwa antchito a pa esiteti adziwa. Mwaiwala za a Fane?"

Sindinaiwale. A Fane amatchola nawo gulu limodzi. Mwana wawo atabadwa ndi vutoli, anthu anati bambo ake anamukhwimira kuti apate ukapitawo. Bamboyo anatopa nawo manong'onong'o, anapita ku Mozambique osabweranso. Mnyamatayo lero amaimba kwaya, koma mayi ake mpaka pano amadya okha nthawi yopuma.

Abale anga, taonani apa. Achipatala atichotsera mantha a singano. Nanga mantha a pakamwa pathu achotse ndani?

Timati amayi akumudzi amakana zachipatala chifukwa cha umbuli. Umbuli uti? A Esinati anamvetsa zonse kamodzi kokha. Chomwe anawerengera n'chakuti pepala la dokotala likangolowa m'nyumba, limasanduka mlandu, ndipo woimbidwa mlanduwo amakhala mkazi. Mwamuna afuna "chochita" chomwe sangachitchule. Apongozi afuna kuyeretsa mtundu wawo. Woti afunse kuti "inu mwini mimba mukuti bwanji?" sapezeka.

M'mimba ndi m'chipala, timatero. Mwambiwu timaukumbuka mwana akakhala wa kutali. Akakhala wathu, timasakasaka mfiti.

Lachinayi a Esinati anapempha tchuthi kwa akapitawo, n'kupita ku Blantyre ndi mwana wawo yekha. Magazi anapereka. Anauza dokotala mosapsatira kuti zotsatira zikabwera, auze iwo okha. Ena onse adzamva kwa iwo, pa nthawi yawo.

Achimwene atamva zimenezi anapsa mtima. Mpaka pano sakuwalankhula. Dzulo anandiimbira foni: "Iwe umalemba m'nyuzi, tandiuza, ine si bambo wa mwanayo?"

Ndinu bambo ake ndithu, achimwene. Palibe akukana. Zotsatira sizinabwere, ndipo akazi anu akutchola tiyi mtima uli m'mwamba. Musanafunse zomwe dokotala wapeza, yankhani kaye funso lomwe lili mumtima mwawo: mwanayo akabadwa wotero, inu mudzakhalapo?