Tambala Amene Anadikira Mlendo Wake

Senderani kuno nonse. Inu akumbuyoko, kokerani madengu anu pafupi, mbatatesi tizisankha makutu akumva. Zowola muziponya uko. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake m'mudzi muno munthu akamayenda modzikweza timati wayamba za tambala wa kuchilumba. Tambala ameneyo ine ndinamuona ndi maso angawa, ndipo ntchafu yake ndinailawa ndi mano amene ndinali nawo nthawi imeneyo.

Mdzukulu wanga woyamba, mwana wa mwana wanga wamkazi, anakulira pakhomo panga pano, kumtunda kwa Kandeu kuno. Sukulu inamukonda, iyenso anaikonda, mpaka inamutengera ku Joni. Amuna akuno ankapita ku Joni kukakumba pansi. Iye anapitirira Joni yenseyo mpaka kumene dziko lathera, n'kukwera sitima ya pamadzi kupita pachilumba china chozizira, pakati pa nyanja yamchere, kukagwira ntchito ya mbalame.

Ine nyanja sindiidziwa. Madzi ambiri amene ndinaonapo ndi a mtsinje wathu ukasefukira. Koma mbalamezo anandionetsa pafoni. Zina zimayenda chiimire, kumsana kwakuda, pamimba poyera, ngati akuluampingo pa tsiku la mgonero. Zina zikatambasula mapiko zimaposa chitseko kutalika, koma zimaikira dzira limodzi lokha, n'kumalifungatira mosinthana, mwamuna ndi mkazi. Ntchito ya mwanayo inali kuzigwira, kuziyeza kulemera, ndi kuzipaka kathonje kuti aone ngati chimfine cha mbalame, chimene chinkapha mbalame m'magombe ena, chafikako.

Chaka china, titangokolola, anaimba foni.

"Agogo, ndikubwera kudzatsanzika. Koma pali lamulo. Munthu wopita kuchilumba asayandikire nkhuku masabata otsiriza asanakwere sitima. Ndikangoigwira, ngakhale kuponda zitosi zake, sitima indisiya. Ndipo imapita kamodzi pachaka."

"Ndiye ubwera kumudzi kuno kapena kumwamba?" ndinamufunsa. "Kuno nkhuku zimalowa ndi m'tchalitchi momwe."

Anaseka, koma anati nkhaniyo si yoseketsa. Ndiye ndinagwira nkhuku zanga zonse, kuziika m'madengu, kukazisiya kwa mpongozi wanga kutsidya kwa mtsinje. Ndinasesa bwalo lonse, kuzira khonde, kuwaza phulusa, n'kutseka ndi nsungwi mipata yonse ya mpanda kuti za anansi zisalowe. Pakhomo panayera ngati pachipatala.

Tsopano pali achimwene anga, amene amakhala kuseri kwa dambo. Anatchona zaka zambiri ku migodi ya malasha, n'kubwerako ndi jekete lalitali, chipewa ndi njinga. Njinga imeneyo ndi imene inkanyamula mdzukulu wanga kupita naye kusukulu nthawi ya dzinja, matope ali thapsa, moti mwanayo ankawatchula kuti agogo a njinga. Tsiku lina achimwene anadutsa pakhomo panga popita kudimba. Anaona khola lili pululu, chitseko chili chotsegula, popanda ndi nthenga yomwe. Chaka chimenecho chitopa chinali chitadutsa m'midzi ina. Iwo mumtima anati, mlongo wanga nkhuku zamuthera, mlendo akubwera, ndipo akuchita manyazi kunena. Poti ndi munthu waulemu, sanafunse. Anangofunsa za mawondo anga, ine n'kuwafunsa za chifuwa chawo, n'kusiyana.

Inu ana a masiku ano mumagula nkhuku yosadzula kale, ndiye mverani. Kuno mlendo wolemekezeka sitimuphera nkhuku kuseri. Timabwera nayo yamoyo, kumupatsa m'manja mwake, aigwire, amve kulemera kwake, aone kuti maso ake ndi owala, si yodwala imene tikufuna kutaya. Akathokoza amaibweza, ndiye mpeni umabwera. Ndipo nkhuku ikangolozedwa kwa mlendo, ndi yake. Wina sangaiphe mwini wake asanaigwire.

Mwanayo anafika pa njinga yamoto, fumbi lili m'nsidze. Ndinamuphikira nyemba ndi mbatatesi, anadya mpaka kunyambita zala. M'mawa mwake tili pakhonde, tinangomva odi. Achimwene, jekete la ku Joni lili pathupi, chipewa chili pamutu, alamu anga ali pambuyo pamodzi ndi amayi ena ofuna kuona mlendo. M'khwapa mwa achimwene munali tambala wofiira, wamkulu ngati kamwana ka mbuzi.

Mwanayo anadzuka chothamanga, akufuula kuti agogo a njinga. Ataona tambala anaima nji. Achimwene anavula chipewa, n'kutambasula manja onse awiri, tambala ali pakati.

"Landira, mdzukulu. Ndiwo zako izi."

Mwana anabisa manja kumbuyo. Anayamba kubwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Agogo, pepani. Sindingagwire. Imani pomwepo, chonde, musayandikire."

Kuuza munthu wamkulu kuti aime pomwepo, pamaso pa amayi! Achimwene anandiyang'ana, n'kuyang'ana tambala wawo, n'kuvala chipewa.

"Tamva," anatero. "Tambala wa kumudzi ali ndi utitiri."

Anatembenuka, ulendo. Sanatsanzike.

Amayi aja anatsala, ndipo anayamba ntchito yawo. Wina ananong'ona kuti mwanayo walowa mpingo wosadya nyama. Alamu anga anandikokera pambali, n'kundifunsa ngati ndayang'ana bwino pamimba pake, poti akazi ena akaima amadana ndi fungo la nthenga. Mwanayo atafotokoza za sitima ndi lamulo lija, alamu anaomba m'manja.

"Basi zokhazo? Ungomugwira pang'ono, mwanawe, kenako usambe ndi sopo. Kuchilumbako akakuona ndani?"

"Adzandifunsa ndisanakwere, agogo. Ndikanama, ine sindifa. Zikafa ndi mbalame zija."

Amayi anabalalika akupukusa mitu. Mwana analowa m'nyumba n'kulira ngati wamng'ono. Dzuwa litapendeka anatuluka, maso ali psuu, atamanga chitenje.

"Agogo, ndikupita kukamugwira tambala uja. Sitima ipite. Agogo a njinga akalamba. Sindingachoke atandikwiyira, mwina pobwera osadzawapeza."

Ulendo umenewo anauvutikira zaka, ine ndikudziwa. Ndinamuuza kuti tipite limodzi, koma manja akewo ayambe akhala kumbuyo komweko.

Kwa achimwene nkhuku zili ponseponse, ndiye mwana ndinamuimika pachulu, kunja kwa mpanda, ine n'kulowa. Ndinawapeza akusema mpini, atafulatira njira. Tambala anali atamangidwa mwendo pamtengo wa nkhokwe.

"Achimwene, nkhuku zanga sizinafe. Zili kwa mpongozi kutsidya, zonenepa zonse."

Kasemasema anaima.

"Nanga khola lija?"

Ndinawafotokozera za foni, madengu ndi phulusa.

"Ndiye ine ndakhala ndikulira maliro a nkhuku zamoyo?" Anasemanso pang'ono. "Mlongo, mufunseni mlendo wanu ali pachuluyo. Tambala wanga akudwala?"

Mwanayo anali akumva zonse, chulu sichinali patali. Koma ine ndinatembenuka n'kufuula, "Akuti tambala wawo akudwala?"

"Sakuoneka wodwala, agogo!" anakuwa. "Koma nkhuku imatha kunyamula matenda iyo ili bwinobwino. Mukukumbuka chitopa chija chinabwera ndi nkhuku imodzi yogula kumsika wa Nsipe?"

"Akuti mukukumbuka chitopa chija?" ndinatero.

"Ndamva, mlongo, sindine gonthi."

Amakumbuka. Tonse timakumbuka. Chaka chimenecho mudzi unkacha popanda tambala wolira, anthu ankachedwa kumapemphero.

"Mbalame za kuchilumba sizinaonepo nkhuku chibadwire," mwana anapitiriza. "Matenda akafika zilibe pothawira. Ndipo zina zimaikira dzira limodzi basi."

"Dzira limodzi? Muuzeni kuti mbalame zakezo ndi zaulesi. Ndiye iye amazitani?"

"Timaziyeza, agogo. Timazipaka kathonje kukamwa."

"Basi?"

Mwana anazengereza. "Ndi kumbuyo komwe."

Achimwene anaika mpini pansi. Mapewa anayamba kugwedezeka. Anatembenuka, n'kuyang'ana pachulu paja kwa nthawi yoyamba.

"Iwe! Njinga yanga inatha matayala m'matope kuti udzikasuzumira mbalame kumbuyo?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, alamu n'kuthamanga ndi madzi. Mwana naye akuseka, misozi ili mbwee. Kuyambira pamenepo ntchito yanga yonyamula mawu inatha.

Atapuma, achimwene anasisita bondo.

"Kumgodi," anatero, "tisanatsike pansi ankatisecha m'matumba. Akakupeza ndi machesi, ngakhale kamtengo kamodzi, sutsika. Panalibe zoti ndine munthu wabwino, sindiyatsa. Pansi paja pali anzako." Anatola mpini uja n'kuloza nawo tambala. "Ndiye uyu ndi machesi."

"Eya, agogo."

"Ukananena choncho."

"Simunandipatse mpata, agogo."

"Mpata ndikanakupatsa bwanji, tambala akulemera?"

Koma nkhani inali isanathe. Tambala anali atalozedwa kale kwa mlendo. Kumupha sikukanatheka, kumubweza m'gulu ngati nkhuku wamba sikukanathekanso. Alamu anati, mlongo wanuyu agwire m'malo mwa mwana, tidye lero.

"Ndinapereka kwa mdzukulu, osati kwa nkhalamba iyi," anatero achimwene, ngati iwo ndi mnyamata. Anadzuka, n'kukamasula chingwe kumwendo kwa tambala. "Pita kuchilumba kwakoko. Uyu ukamupeza. Adikira."

Tsiku limenelo sanagwirane chanza, poti manja a achimwene anali a tambala. M'mawa mwake anafika pachipata panga atasamba, atavala zovala za kutchalitchi, nsapato zotsukidwa mpaka kunsi. Anatambasula manja ngati mwana wa sukulu woonetsa zikhadabo kwa aphunzitsi. Mwana anawayang'ana mbali zonse, n'kuwakumbatira, chipewa mpaka kugwa.

Masiku otsalawo achimwene anadzilemba ntchito. Anakhala pachipata panga ndi ndodo, kuthamangitsa nkhuku za anansi, ndi kufunsa aliyense wobwera kuti, "Mwagwira nkhuku lero?" Mkulu wa mpingo atabwera kudzapempherera ulendo, anamubweza kuti akatsuke nsapato kumjigo. Anapita, anatsuka, anabwera, anapemphera.

Mwana ananyamuka, sitima inamutenga.

Tsopano tambala uja. Sindikudziwa amene anamuuza, koma anadziwa. Ankalowa m'nyumba za anthu osaodira. Ankadya chimanga pa lichero mwini wake ali pomwepo. Galu wa achimwene anasamuka pakhonde n'kumusiyira malo. Khirisimasi itafika, alamu ankanola mpeni akumuyang'ana, achimwene n'kungoti, "Ndi wa mlendo." Pa Isitala chimodzimodzi. Mpongozi wa alamu atabereka, anamuphera nkhuku ina yowonda, tambala ali poteropo akuonerera. Ana akamuthamangitsa m'munda, amayi awo ankati, musiyeni, ndi wa kuchilumba. Ankayenda pakati pa njira, chifuwa patsogolo, anthu a njinga n'kumamupatukira.

Chaka chinatha, miyezi ina n'kuwonjezerapo. Mwana anabwera, milomo itang'ambika ndi mphepo ya kumeneko, ndipo ulendo uno analibe lamulo. Achimwene anavalanso jekete lija. Kumugwira tambala kunatenga amuna a mabanja awiri ndi ukonde wa udzudzu. Anafika naye pakhonde panga, mudzi wonse uli pambuyo, n'kutambasula manja.

"Landira, mdzukulu. Ndiwo zako zija."

Mwana anagwada, n'kumulandira ndi manja awiri. Koma ntchito ikalowa m'manja situluka. Tinangoona wamupanira m'khwapa, wamutsegula kukamwa, akusuzumira. Anatambasula phiko ili, kenako ilo. Atayamba kumutembenuza, achimwene anakuwa.

"Kumbuyoko usiye! Ameneyo ndi tambala waulemu wake."

Anthu anagwa nako kuseka. Mwana anamukweza m'mwamba pang'ono, kumva kulemera.

"Zikomo, agogo. Ndi wolemera."

"Ndiye ndinkanena chiyani ine?"

Alamu anamuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhuni mtolo wonse. Nyama yake inali ngati tayala la njinga ija. Mwana anatafuna mpaka kumaliza mbale yake, osadandaula. Ine anandipatsa ntchafu, ndipo dzino langa lakutsogolo ili mukuona palibepoli linatsalira pomwepo.

Mpongozi wanga wa kutsidya anandibwezera nkhuku zanga zili ndi anapiye, koma anasungako thadzi limodzi, akuti la lendi. Alamu anga mpaka lero amati mwanayo akanangogwira n'kusamba, tikanadya nyama yofewa. Mkulu wa mpingo uja akafika pachipata panga amayang'anabe kunsi kwa nsapato zake. Achimwene njinga anasiya kukwera, maso achita mdima, koma ali moyo, ndipo mlendo aliyense amamuuza kuti ali ndi mdzukulu dokotala wa mbalame zaulesi. Mwanayo akupitabe kuchilumba zaka zina, zaka zina amaphunzitsa anzake kugwira mbalame. Akaimba foni kuti akubwera, ndisanamufunse za moyo ndimayamba ndafunsa kuti nkhuku zikhale kapena zisamuke. Akati zisamuke, ndimayamba ndadzera kwa achimwene kukawauza, kenako ndiye ndimatenga madengu.