Phazi Langa Linkaumitsa Zambezi

Dzulo pamjigo, kuno ku Cateme kumene a kampani ya malasha anatisamutsira, ndinamva fungo la matope. Adzukulu anga ankakumba kangalande, ati mtsinje. Ana oti sanasambepo mumtsinje.

Ife tili ana kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe, tinkakumba wathu wodutsa maiko atatu. Mfumu ya kumtunda ndinali ine, ndaninso? Ngalawa za zigoba za malambe zinkatsika ndi masau, ng'ombe zadothi n'kukwera. Akumunsi akachita mwano ndinkatseka madzi ndi phazi, n'kumakhulupirira kuti Zambezi nayenso waphwa, asodzi a ku Tete akulira.

Ndiye dzulolo ndinaponda dala pakangalande kaja.

"Agogo, dziko langa lauma," anatero Rosita, mdzukulu wanga.

"Upereka chiyani?"

Anandininkha masau, ndinachotsa phazi.

Ndinkati mtsinje tinausiya kwathu. Ayi ndithu, unatilondola.