Pasiwedi imene amuna anga anasiya m'nyumba za anthu

Ntchitoyi sindinachite kuifunafuna. Amuna anga, bambo a Tadala, ankaika wayifayi m'nyumba za anthu kuno ku Dedza. Bwana wawo anali a Chimphepo, amene ali ndi kashopu pa boma ka mafoni ndi marauta, timabokosi totulutsa wayifayi. Amuna angawo anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto akuchokera ku Bembeke. Patapita milungu itatu chimetere, a Chimphepo anabwera kwathu ku Kaphuka kudzatenga chikwama cha zida, ndipo anandipeza ndikupalira mbatatesi. Atatsegula chikwamacho anaona kuti zonse ndalongedza mmene mwini wake ankalongedzera: pulayasi ndi sikuludilaiva m'thumba la kutsogolo, nthambo zokulunga bwino, timisomali togwirira nthambo pakhoma m'kabotolo ka mafuta odzola. Anandifunsa ngati ndikudziwa ntchito ya zinthuzo. Ndinati zina ndikudziwa, chifukwa malemu akamayesa rauta pakhonde ndine ndinkawagwirira foni. Kenako anati Lolemba ndipite kushopu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo Chizungu changa n'chongozindikira zilembo. A Chimphepo anati zimenezo n'zokwanira, bola munthu asamadumphe ndondomeko. Rauta timaiika pakatikati pa nyumba, pamwamba, osati kuseri kwa kabati kapena kufupi kwambiri ndi malata. Ukalowetsa simukhadi n'kuyatsa, umadikira kanyale ka netiweki kasiye kuphethira. Ngati rautayo inagwirapo ntchito kwina, umatenga phini n'kukanikiza kabatani kamene kali m'kabowo kumbuyo mpaka tinyale tonse tizime. Kenako umalumikiza foni, n'kulemba manambala amene ali pa kapepala komata kunsi kwa rauta, ndipo umalowa m'kati mwake. Mapasiwedi ndi awiri, yolowera m'kati mwa rautayo ndi ya wayifayi, ndipo onse amasinthidwa. Pa chitetezo umasankha polembedwa WPA2, umazimitsa WPS, n'kumaliza ndi kuona mndandanda wa mafoni amene alumikizidwa. Tsiku lililonse a Chimphepo ankanena mawu amodzimodzi: "Nyumba iliyonse pasiwedi yake. Mukaona mlendo pamndandanda, mtulutseni."

Foni imene ndinkagwirira ntchito inali ya malemu. Pa ngozi paja inangosweka galasi pakona, ndipo abale awo pogawana katundu anandisiyira. Sabata yachiwiri a Chimphepo ananditumiza ndekha ku nyumba ina kumunsi kwa phiri, kumene netiweki inkangodukaduka. Ndisanagogode n'komwe pageti, foni inanjenjemera m'thumba, mauthenga n'kuyamba kulowa, chonsecho ndinalibe bandulo. Inali italumikizika yokha. Nyumbayo inkaidziwa foniyo, chifukwa rauta yake anaika ndi amuna anga. Ndinaima pagetipo kanthawi.

Nditalowa, mwini nyumba anandiwerengera pasiwedi kuchokera pa kapepala. Inali dzina lakuti Tiyamike ndi manambala anayi. Tiyamike ndi mwana wathu woyamba, amene anakhala ndi moyo miyezi iwiri yokha. Chimuikire m'manda, amuna anga sanatchuleponso dzinalo pakhomo, ngakhale kamodzi, moti ine ndinkaganiza kuti anamuiwala. Nyumba yachiwiri imene ndinapitako, pasiwedi inali yomweyo. Yachitatu, yomweyo. Kwa aphunzitsi, kwa anamwino, kwa anthu ocheka matabwa, dzina la mwana wathu linali pa makoma a anthu osatidziwa.

Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa china chimene ankachitira zimenezi. Achikulire ambiri amaiwala pasiwedi, ndipo akawaimbira foni, malemu ankangowauza pomwepo osayenda ulendo. Ankawauza ali pasiteji, ali m'minibasi, anthu akumva. Anali munthu wosafuna kuvutitsa mnzake.

Ndinkadziwa kuti n'zolakwika. Marauta atsopano ndinkawaika motsatira ndondomeko, koma a malemu sindinkawakhudza, ndipo a Chimphepo sindinawauze. Kulikonse anthu ankawayamikira amuna anga, ena mpaka kugwetsa misozi, ndipo ine ndinkavomera. Masiku ena poweruka ndinkadzera dala njira yaitali ya kumunsi kwa phiri, kuti foni izinjenjemera pa geti lililonse. Zinkamveka ngati ndikuyenda ndi munthu amene aliyense akumupatsa moni. Ndinachita zimenezi miyezi isanu.

Tsiku lovuta linali Lachinayi lina mu Juni. Nkhungu sinachoke mpaka masana. A Chimphepo anandikweza pa njinga yamoto kupita chakufupi ndi Bembeke, kwa Mayi Nkhoma, mphunzitsi wopuma pantchito. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi ndipo sankalankhula. Bedi lawo linali pabalaza, ndipo mwana wawo wa ku Lilongwe anauza malemu kuti aike kamera pamwamba pa chitseko, kuti aziwaona bambo ake pafoni. Tsopano Mayi Nkhoma atapita kuchigayo, mayi wina anawafunsa mwachifundo ngati chilonda cha pamsana pa abambo chapola. Iwo sanauzepo munthu za chilondacho, ndipo alendo sankawalowetsa pabalaza. Atafufuza anamva kuti pamsika pali anthu amene akhala akuonetsana pafoni abambowo akusambitsidwa.

Titafika tinapeza Esinta, wantchito wa pakhomopo, atakhala pa sitepe ya kukhitchini, chikwama chake chili pambali. Anali atauzidwa kale kuti azipita. Mayi Nkhoma anatilowetsa, nkhope itatupa ndi kulira, ndipo anati pasiwedi ankaidziwa anthu atatu, iwo, mwana wawo, ndi Esinta. Anandiyang'ana n'kuonjezera kuti malemu sakuwawerengera, chifukwa anali munthu wa Mulungu.

A Chimphepo analowa m'rauta n'kutsegula mndandanda. Munali mafoni asanu ndi atatu, ndipo Mayi Nkhoma anazindikirapo awiri okha. Pasiwedi ya kamera nayonso inali yomweyo ya wayifayi, choncho munthu woima kuseri kwa mpanda akanatha kuona pabalaza ponse. Anamuitana Esinta. Iye anaima pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti foni yake ndi ya mabatani, wayifayi sailowa. Mayi Nkhoma anayankha kuti foni alibe koma pakamwa ali napo. A Chimphepo anapukusa mutu, n'kunena kuti antchito a masiku ano ndi otero.

Ine ndinali nditakwera pa mpando kuti ndimasule kamera. Kuchokera pamenepo ndinkaona pabalaza mmene anthu a pamsika aja ankaonera: bedi, beseni, bulangete lofiira, ndi abambowo akundiyang'ana ndi diso limodzi limene linkatsegukabe bwino. Misa yokumbukira amuna anga inali pafupi, ndipo alamu anga anali atayamba kale kututa njerwa za chiliza. Kwathu munthu wopita sitimuimba mlandu, makamaka mkazi wake. Ndikanangosintha pasiwedi n'kukhala chete, nkhani ikanathera pa Esinta. Ndinatsika pampandopo kamera ndisanaimasule.

"Mayi, si Esinta," ndinatero. "Pasiwedi yanu ili m'nyumba zonse zimene amuna anga anaikamo rauta. Anthu ambiri akuidziwa."

Sanamvetse, ndiye ndinaitchula yonse, dzina ndi manambala ake, iwo asanandionetse kapepala kawo. Kanali koyamba kutchula dzina la mwanayo mokweza patapita zaka zambiri, ndipo ndinalitchula ngati pasiwedi, pamaso pa alendo. Mayi Nkhoma anakhala pa sofa. Anandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati papita miyezi isanu.

"Miyezi isanu inu mukudya n'kugona," anatero, "bambo awa akuonedwa ali maliseche."

Zinali zoona. A Chimphepo sanandiyang'ane. Anangondipatsa phini.

Ndinakanikiza kabatani mpaka tinyale tonse tinazima. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi kamera. Ndinasintha dzina la wayifayi, ndinasankha WPA2, ndinazimitsa WPS. Pofika polemba pasiwedi yatsopano, ndinapereka foni kwa Mayi Nkhoma n'kuwauza kuti ikhale yaitali, ya zilembo ndi manambala, osati dzina la munthu wa pakhomo. Anailandira n'kunena kuti, "Tembenukani." Ndinayang'ana kukhoma kumene kunali kalendala ya kutchalitchi, ndikumva chala chawo chikugogoda pagalasi, ndi kupuma kwa abambo aja pabedi. Anachita katatu, ya rauta, ya wayifayi, ya kamera. Titatsegulanso mndandanda munali foni yawo ndi kamera basi.

Pobwerera a Chimphepo anaimitsa njinga m'mitengo ya paini. Ndinaganiza kuti ntchito yatha, ndipo ndinali nditayamba kale kuvula chikwama cha zida. Iwo anati mlandu wina ndi wawo, chifukwa zaka zonsezo sanayenderepo ntchito ya malemu. Kenako anati, "Nyumbazo mukuzidziwa ndinu. Mawa muyambire kumunsi kwa phiri. Koma mwini nyumba aliyense mukamuuze nokha chifukwa chake."

Zinanditengera milungu itatu. Ena ankaseka n'kunena kuti n'chifukwa chake bandulo inkatha msanga. Ena anakwiya, ndipo bambo wina anandiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pake. Mayi wina wachikulire anakana kaye kusintha, akuti iyi yokha ndi imene anailoweza pamtima, ndipo ndinakhala naye mpaka tiyi kuzizira. Nyumba iliyonse ndikamaliza ndinkaiuza foni kuti iiwale wayifayi imeneyo. Palibe amene ndinamuuza kuti Tiyamike anali ndani. Nkhani inafika ku Kaphuka, ndipo pa tsiku la Misa alamu anga aakulu anandifunsa kuseri kwa tchalitchi ngati ntchito yandikomera mpaka kudetsa mbale wawo. Ndinati mbale wawo analakwitsa chifukwa cha chifundo, koma ine ndinalakwitsa ndikudziwa. Sanandimvetse, ndipo mpaka lero moni wathu ndi waufupi.

Mayi Nkhoma anapepesa kwa Esinta, ndipo iye anabweza chikwama chake m'nyumba. Koma anangomaliza mwezi umenewo n'kuchoka yekha. Anati sangamatsuke mbale pakhomo pamene katundu wake anaikidwapo panja. Abambo aja anamwalira nyengo ya mvula isanafike, ndipo kumaliro kwawo ndinapita n'kukhala kumbuyo.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Anthu amandifunsa kuti chovuta n'chiyani, akuganiza kuti ndi kukwera makwerero kapena Chizungu cha m'rauta. Zimenezo munthu amaphunzira mwezi umodzi. Chimene ndinasunga n'chakuti pasiwedi ndi ya mwini nyumba, si ya woika rauta, ndipo ukaona polakwika umanena tsiku lomwelo, ngakhale wolakwitsayo ndi munthu amene ukumulirabe. Ikafika nthawi yolemba, ndimapereka foni n'kuyang'ana kukhoma. Achikulire ena amadandaula kuti adzaiwala, ndiye ndiwasungire ine, monga ankachitira malemu. Ndimawauza kuti ailembe kumapeto kwa buku lawo la nyimbo. Akadzaiwala, ndidzayenda ulendowo.