Msinkhu wa Sipika ya Abambo

Fungo la sipiriti limandibwezera ku Kawale mpaka lero. Ndikangolimva, kaya ndi kuchipatala kaya ndi pamalo ometera tsitsi, ndimapezeka ndaima pakhomo lolowera pabalaza pathu, mapazi ali pa simenti yozizira ya polishi wofiira, ndikuyang'ana msana wa Abambo. Loweruka lililonse m'mawa ankagwada patsogolo pa makina awo oimbira nyimbo, kabotolo ka sipiriti kali pambali, n'kumapukuta m'kati mwa choimbira makaseti ndi thonje lokulunga ku kamtengo ka machesi. Inali nyengo ya chilimwe, ine ndili mu Sitandade 3. Kunja ogulitsa makala ankadutsa akukankha njinga, mphepo ikuzunguza mapepala pamsewu. Fumbi linkalowa paliponse, m'mphuno, mu shuga, m'mabuku a kusukulu, koma pa makina amenewo ayi.

Anthu a m'dera lathu ankangoti ndi wailesi ya a Mbewe, koma wonena choncho pamaso pawo ankawalakwira kwambiri. "Wailesi ndi yomvera mpira ndi mauthenga a maliro," ankatero. "Iyi ndi sisitimu." Anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, wa ku kampani ya fodya ku Kanengo kumene iwo ankagwira ntchito. Panali ampulifaya yasiliva imene amuna awiri ankachita kuthandizana ponyamula, choimbira zimbale chokhala ndi chivundikiro chagalasi, choimbira makaseti, ndi masipika awiri a matabwa akuda, ataliatali, okhazikidwa pa njerwa motalikirana ndi khoma. Pakati penipeni pa balaza panali mpando umodzi, pamene iwo ankati mawu a mbali ziwiri amakumanirana. Ngakhale abusa akabwera kudzacheza, ankawakhazika pa sofa ya kukhoma.

Malamulo ake ndiye anali ochuluka kuposa a kusukulu. Kuthamanga m'nyumba ayi, singano idumpha. Kusesa ndi tsache ayi, fumbi liuluka, tizikolopa basi. Chimbale chikamazungulira, Amayi ankasiya kusinja mtedza, ine ndinkakatsokomolera panja. Amayi ankaitchula sisitimuyo kuti mkazi mnzawo, ndipo ankanena akuseka. Ine sindinkaseka. M'nyumbamo mwana ndinali ndekha, koma ndinkaona kuti woyamba kubadwa si ine.

Kuseri kwa mpanda wathu wa bango kunkakhala a Kumwenda, ochokera ku Rumphi, kalaliki wa m'boma komanso mkulu wa mpingo, munthu wosavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Iwo matenda awo anali kamera. Sinali ngati ija ya anyamata ojambula oyenda panjinga, yoika pamaso n'kuthwanimitsa. Inali kabokosi kakuda kolemera, ka maso awiri, lina pamwamba lina pansi. Ankaikoleka m'khosi n'kuigwira pamimba, kutsegula kachitseko ka pamwamba, n'kuwerama kusuzumiramo ngati munthu woyang'ana madzi m'chitsime. Filimu yake inali yotambalala, yokulunga m'pepala, ndipo inkatha msanga, choncho asanadine ankayamba aganiza kaye. Ankatsuka okha zithunzi m'kachipinda kosungiramo katundu atatseka zenera ndi bulangete, ndipo ankatulukamo ali thukuta kamukamu, akununkha viniga. Zithunzizo zinali zakuda ndi zoyera, mbali zake zonse zofanana.

Lamulungu masana, tikabwerako kutchalitchi, abambo awiriwa ankakhala pakhonde pathu n'kumatsutsana, tiyi akuzizira m'makapu. Abambo ankati makaseti ndi phala, nyimbo yeniyeni ili m'chimbale. Tizimbale tating'ono tonyezimira timene tinali titangofika kumene m'masitolo a m'tauni, timene anthu ankati masidi, iwo ankati mawu ake ndi ouma ngati chimanga chokazinga. A Kumwenda ankangogwedeza mutu osamva n'komwe, kudikira mpata wawo. Akaupeza ankati zithunzi zamitundu n'zabodza, fulashi imachotsa moyo pankhope ya munthu, ndipo filimu yaing'ono ndi yojambulira zitupa. "A Mbewe, khutu limanamizika, diso ayi," ankatero. Abambo ankayankha kuti, "Nanga bwanji popemphera mumatsinzina?" Sabata yotsatira ankayambiranso pomwepo, palibe wogonja.

Ine za khutu ndi diso ndinalibe nazo ntchito. Changa chinali chimodzi. A Kumwenda anali ndi mwana wamkazi, Lusungu, wa kalasi imodzi ndi ine, ndipo khoma lonse la pabalaza pawo linali Lusungu yekhayekha. Lusungu akukwawa. Lusungu mano akutsogolo ataguluka. Lusungu atanyamula mphaka, Lusungu akutunga madzi pampopi, dzuwa likumuwalira m'mutu moti unkatha kuona tsitsi lililonse palokha. Ndikapita kukasewera ndinkanamizira ludzu kuti ndilowe m'nyumba ndikaziyang'anenso, ndipo ndinkatuluka mtima ukuwawa. Koma abale, Lusungu anali ndi chiyani choposa ine? Chipumi chake chinali chachikulu ngati changa chomwe, ndipo pa masamu ndinkamusiya kutali. Kusiyana kunali kwakuti chidole cha abambo ake chinkafuna mwana aime patsogolo, pamene cha Abambo anga chinkafuna mwana achoke. Ine chithunzi ndinalibe ngakhale chimodzi, ndipo ndinkachifuna kuposa nsapato zatsopano.

Kenako zinafika poipa. Tsiku lina Abambo anabwera ndi maikolofoni ya chingwe chachitali, ndipo ankafuna mawu a munthu oti aiyesere. Ine ndinali pomwepo, ndinachita kutsokomola kuti andione. Iwo anatuluka panja n'kuitana kudzera pampanda: "Lusungu! Tabwera mwanawe, paja umaimba bwino ku Sande Sukulu." Lusungu analowa pabalaza pathu ndi mapazi ake afumbi, palibe anamuuza kuti akasambe, n'kukaima pamalo pamene ine sindinkaloledwa kupondapo. Ine anandituma kukathamangitsa nkhuku kuseri kuti zisamveke mu kaseti. Ndinazigenda ndi miyala ndikulira, mawu ake akundipeza konko. Chowawa kwambiri n'chakuti ankaimbadi bwino. Dzuwa likupendeka Abambo anabwereza kasetiyo kangapo ali pampando wawo uja, atatsinzina, akumwetulira.

Ndinakadandaula kwa Amayi kukhitchini. Anangoti, "Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, Tamanda." Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga wakowako ndi wa ndani, koma ndinaona mthiko uli m'manja. Sabata imeneyo Lusungu sindinamuyankhule. Popita kusukulu ndinkadzera njira ya kumsika, yaitali, yonunkha usipa ndi tomato wovunda, bola tisayendere limodzi.

Lamulungu lotsatira ndinamva ndi makutu angawa a Kumwenda akuti, "A Mbewe, mwajambula mawu a mwana wanga, inenso ndibweze. Loweruka ndibwera ndi kamera." Abambo anati abwere m'mawa, kuwala kukamalowa bwino pazenera. Ha! Ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kukavina ndekha. Mwana kubwezera mwana, nanga pamenepa pali chovuta kumva? Amayi nawonso anamva chimodzimodzi. Lachisanu anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundiluka tsitsi ndi ulusi wakuda, kukoka mpaka maso kutsala pang'ono kufika m'makutu, ine osadandaula ngakhale pang'ono. Anasita diresi langa la Khirisimasi, lachikasu, la riboni kumbuyo. Ndinalengeza pampopi, ndinalengeza kusukulu, ndipo Lusungu ndinamukhululukira n'cholinga choti ndimuuze. "Changa chidzakhala chachikulu kuposa zako zonse," ndinatero. Iye anangoti, "Usadzaphethire."

Loweruka ndinalawirira kusamba, kudzola mafuta mpaka miyendo kuchita kunyezimira. Ndinakhala pakhonde osatsamira khoma, kuopa kudetsa diresi. Anzanga a pampopi anabwera n'kudzazana kumpanda, kusuzumira m'mipata ya bango. A Kumwenda anafika ndi tayi yawo, kamera ili m'khosi, chitsulo cha miyendo itatu chili paphewa, Lusungu akuwatsatira. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndatchena. Ndinalowa nawo m'nyumba.

Pabalaza ndinapeza Abambo atavala jekete la kutchalitchi. Anali atachotsa tinsalu toluka tonse pa sisitimu, kupukuta ampulifaya mpaka kuwala, kuyatsa timagetsi take tobiriwira, ndi kutsamiritsa kukhoma zimbale zimene ankazikonda. A Kumwenda anakhazika kamera pa chitsulo chija, kuwerama, kupotokola kachitsulo ka pambali, kusunthira kumbuyo. Ine ndinakaima patsogolo pa kamerayo, manja ali m'mbali, chibwano m'mwamba, osaphethira.

"Iwe Tamanda, choka pamenepo, ukutchinga ampulifaya," anatero Abambo.

Poyamba sindinamvetse. Ndinasunthira kumanzere pang'ono. "Ndati uchoke," anatero, osakweza mawu n'komwe, maso ali pa chingwe chimene ankachibisa kuseri kwa kabati. Pamenepo m'pamene ndinazindikira mwana amene a Kumwenda anabwera kudzajambula. Ndinabwerera chambuyo mpaka pakhomo, pafupi ndi Amayi. Kamera inkangoti khethe, kaphokoso kochepa zedi. Anajambula ampulifaya payokha, anajambula choimbira zimbale chili chotsegula, anajambula Abambo ataima pambali dzanja lili pa sipika. Kunja anzanga ankafunsana mokweza ngati ndajambulidwa kale. Lusungu ankayang'ana pansi, ndipo chisoni chakecho chinandiwawa kuposa akanandiseka.

Kwathu mwana sankayankhula akuluakulu ali pa ntchito, makamaka pamaso pa mlendo. Koma a Kumwenda atanena kuti filimu yatsala ya chithunzi chimodzi, mawu anangotuluka okha, aakulu.

"Nanga ine?"

Amayi anandigwira phewa. Abambo anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira ku ulusi wa m'mutu mpaka ku nsapato, ngati akuona diresi lachikasulo koyamba, ndipo ndikhulupirira kuti kanalidi koyamba. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anakanda m'mutu, kuyang'ana a Kumwenda, kuyang'ana sipika.

"Komadi," anatero pang'onopang'ono. "Tabwera uime apa. Anthu akamaona chithunzi sangadziwe kutalika kwa sipikayi. Pakhale mwana pambali, aziyerekeza."

Kalanga ine! Ulusi wonse uja, mafuta onse aja, kuti ndikhale ndodo yoyezera? Komabe ndinapita, nanga ndikanatani anzanga ali kumpanda? Anandiimika phewa kugundana ndi thabwa, n'kuika chikhatho chawo pamutu panga, kenako kuchikwezera pamwamba pa sipika. Inkandiposa ndithu. A Kumwenda anawerama, ine ndikungoona pakati pa mutu wawo pamene dazi linali litayamba. "Mwetulira mwanawe," anatero. Sindinamwetulire.

Chithunzicho chinabwera sabata yotsatira, ndipo chinali chooneka bwino mochititsa manyazi. Misozi yolengeza m'maso, mlomo wotupa, ulusi uliwonse m'mutu, zonse zinali poyera. Anzanga ndinawaonetsa nditaphimba mbali ya sipika ndi dzanja, koma anasekabe. Abambo anachiika m'felemu n'kuchikhazika pamwamba pa kabati, chokhacho mwa zonse zimene zinajambulidwa tsiku lija, ndipo ine ndinati n'chifukwa chakuti sipika inatuluka bwino. Mlendo aliyense ankamuonetsa. Akatero ankandiitana kulikonse kumene ndinali: "Tamanda, tabwera uime apa aone." Ndinkabwera ndikukoka mapazi, chikhatho chija n'kutera pamutu panga, chofunda, chonunkhira fodya wa ku Kanengo. "Mwaona? Pachithunzipo inkamuposa. Pano wafanana nayo." Chaka china anati ndaipitirira. Anapitiriza choncho mpaka ndili kusekondale, ndikuchita manyazi pamaso pa alendo, sipika ikundilekeza m'phewa.

Nthawi yonseyo ndinkati akunyadira sipika yawo, ndipo ndinkaida ndi mtima wonse. Nsanje ya Lusungu nayo sinathe, sindinama, ngakhale tinakula tili paubwenzi. Abambo anamwalira ine ndili kale pabanja, masipika aja anadyedwa ndi chiswe, felemu inatsala kwa ine. Tsiku lina ndikuipukuta ndinangoima nayo m'manja, kansalu kali lende. Munthu wofuna kudziwa kutalika kwa sipika amayeza kamodzi, chifukwa sipika simakula. Abambo anayeza zaka zonse zija, mlendo aliyense akabwera, ndipo chikhatho chawo chinkayamba kutera pamutu panga.