Mtondo wa Mchenga

Fungo la nsambo za gitala zikuwira mu poto silifanana ndi fungo lina lililonse. Ndi fungo la dzimbiri losakanikirana ndi thukuta la zala, ndipo mpaka lero ndikalimva ndimabwerera kunyumba yathu ya ku Senga Bay, kuseri kwa mahotela, kumene kunkakhala mabanja a antchito. Abambo anga, a Lufeyo, ankaimba gitala mu bandi ya pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Nsambo zatsopano zinkapezeka ku Lilongwe kokha. Choncho zakale zikayamba kulira mogontha, ankazimasula n'kuziphika kuti litsiro lichoke, kenako n'kuziyanika pa chingwe limodzi ndi malaya athu. Amayi ankangoti, "Bambo a Esinati, poto wanga wa tiyi mwamusandutsa galaja," koma sankawaletsa.

Kuhotela ankaimba nyimbo za azungu. Ankaziphunzira pa kaseti, kubweza ndi kubweza mpaka tepi kutafunika, ndipo mawu ena ankangowaloweza osadziwa ngati akufunsira mkazi kapena akutsanzika. Kunyumba ndiye kunali nyimbo zawo zenizeni. Wailesi ikaika rumba ya ku Kongo ankatikhazika chete tonse, khutu lili pa sipika, zala zikuyenda pa bondo kuba kayendedwe ka gitala. Ankati kwaya ya kutchalitchi ndiyo inawaphunzitsa kuti mawu amanyamulana. Mnzawo woimba ng'oma mu bandiyo, Che Saidi, Msilamu wa kugombe, anawaphunzitsa kagundidwe ka sikiri, komwe chifuwa cha munthu ndicho ng'oma. Ngakhale mfuu ya ana oingitsa mbalame m'minda ya mpunga ku Chinguluwe, kumene anakulira, ankaiika pa nsambo n'kumveka ngati nyimbo.

Koma pamwamba pa zonsezi panali nyimbo imodzi ya pamtondo, ya amayi awo, agogo anga amene ine sindinawaone. Anaipeka okha akukonola chimanga. Inali ya mkazi wouza mwamuna wake amene anapita kumigodi kuti mimba ija anaisiya inabala mwana, ndipo mwanayo wabwera n'kubwerera bambo wake asanamunyamule. Mwanayo anali mkulu wawo wa abambo. Nyimboyo inkathamanga chifukwa inkatsatira munsi, moti womva kugunda kokha akanati ndi ya ukwati. Ndime yomaliza yokha ndiyo inkatsika pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amatopera pa mtondo, ndipo m'menemo agogo ankamuitana mwanayo ndi dzina lake. Abambo sankaiimba wamba. Ankaiimba mwa apo ndi apo pa khonde, gitala yosalumikiza ku magetsi, ine n'kumavomera timawu tiwiri ta pakati. Ankalakalaka ataiimba kuhotela tsiku lina, koma mabwana ankakana, ati alendo saidziwa.

Chaka chimene zinthu zinasintha ndinali ndisanathe n'komwe kuwerenga bwino. Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, mango akugwa okha n'kuwolera pansi, mchenga ukuwotcha mapazi. Pa hotela panabwera bwana watsopano, mnyamata wa m'tauni, Mmalawi mnzathu wolankhula Chichewa chosalala. Anabwera ndi kiyibodi. Chinthu chimenecho chinkalira ng'oma, besi ndi malipenga chokha, munthu mmodzi akungodina. Sabata isanathe, bandi yonse inauzidwa kuti ntchito yatha. Che Saidi anafika kwathu ndodo zawo za ng'oma zili m'thumba la malaya, n'kunena kuti abwerera ku maukonde. "Mulungu ndi amene amagawa, achimwene, inshallah tidzaimbanso," anatero. Sanadzaimbenso limodzi.

Abambo okha ndiwo anaitanidwa ku ofesi. Bwanayo anati akhoza kutsala ngati angamaimbe za chikhalidwe Lamlungu lililonse, alendo akatha kudya masana. Koma gitala ya magetsi aisiye kunyumba. Apange banjo ya chigubu, avule nsapato, amange chitenje m'chiuno, ndipo apeze kamtsikana koti kazisinja pambali pawo.

Nkhani ya nsapatoyo inawapweteka amayi kuposa zonse. Abambo anali ndi nsapato zakuda zomwe ankazipukuta mpaka kudziona nkhope, ndipo banjo ya chigubu anaisiya ali mwana woweta mbuzi. Anavutika zaka kuti agwire gitala yeniyeni.

"Munthu wa ana, mukavule nsapato pamaso pa anthu ngati mwagwidwa kuba?" anafunsa amayi.

"Nanga anawo adya nsapatozo, mayi a Esinati?" anayankha abambo. Kenako nkhope inawala. "Bwana uja wati nyimbo ndisankhe ndekha. Ulendo uno amva ya amayi."

Ndikakumbukira chimwemwe chawo cha sabata imeneyo, mtima umandiwawa. Anapeza chigubu cha mafuta ophikira, anachitsuka ndi phulusa, anasema mtengo wa khosi, n'kukapempha mawaya a mabuleki kwa okonza njinga. Anamasula timawayato kamodzikamodzi, zala zikuchucha magazi, akuimba mluzu. Madzulo aliwonse tinkayeserera pa mtondo wa amayi, chimanga chenicheni chilimo, mpaka munsi wanga ndi banjo yawo zinkagwera pamodzi.

Lamlungu lija ndinalowa pa geti ya hotela koyamba m'moyo wanga. Kunja konse kunali fumbi ndi udzu wopserera, koma m'katimo kapinga anali wobiriwira, wonyowa, wofewa ngati bulangeti. Kunkanunkhira nsomba yokazinga ndi mafuta odzola azungu. Alendo anali atagona pa mipando yaitali, matupi ofiira ndi dzuwa. Pansi pa mtengo anatiikira mtondo wogula kwa osema ziboliboli, wopaka polishi, wojambulidwa njovu kuzungulira. M'katimo munalibe kanthu. Abambo anapempha chimanga pang'ono, chifukwa mtondo wopanda kanthu umalira mokhadzula ndipo umaononga nyimbo.

"Gaga adetsa kapinga, madala," anatero bwana uja. "Thiranimo mchenga."

Abambo anavula nsapato zawo n'kuzibisa kuseri kwa mtengo. Anapita okha kugombe, anatapa mchenga m'manja n'kuthira mu mtondomo. Mapazi awo anali otuwa, ofewa, osazolowera kuonedwa.

Tinayamba. Munsi unkamira mu mchenga n'kumveka fwa, fwa, koma banjo inalira bwino, ndipo mawu a abambo anatuluka mmene sindinawamverepo. Anatsinzina. Ine ndinkavomera ndi mphamvu zanga zonse. Posakhalitsa alendo anadzuka. Mayi wina wonenepa anayamba kugwedeza m'chiuno, anzake n'kumuombera m'manja. Anapanga mzere, wina kugwira m'chiuno mwa mnzake, n'kumazungulira mtondo akuseka chikhakhali. Wina anandilanda munsi kuti amujambule. Pamene abambo anafika pa ndime yomaliza n'kutsitsa liwiro, ovinawo anasokonezeka mapazi, ndipo anayamba kuomba m'manja mofulumira kuti awathamangitse.

Itatha, bambo wina wa ndevu anafunsa kanthu mu Chingerezi. Bwana uja anayankha akumwetulira, alendo onse n'kuti aaa, manja ali pa mtima. Ine sindinamve. Anandipatsa botolo la chakumwa chozizira cha lalanje, ndipo ndinkangoona kuti dziko lonse likuwakonda abambo anga. Ndinawayang'ana. Ankamwetulira, koma kumwetulira kwa mano okha.

Tikubwerera sanavale nsapato zija. Anazinyamula m'manja njira yonse, mchenga ukuwawotcha. Tili kunyumba ndinamva akuwauza amayi motsitsa mawu.

"Bwana uja wawauza kuti ndi nyimbo yolandirira alendo, yowapempha kuti adzabwerenso."

"Mwina sanamve mawu ake."

"Anamva. Liwu lililonse anamva. Wandiuzanso kuti ndime yomaliza ndichotse, ikuziziritsa gule."

Anaichotsa. Lamlungu lililonse nyengo yonse ya mango tinkapita, iwo kuvula nsapato, ine kusinja mchenga, alendo kuvina maliro a mkulu wawo wa abambo. Ine ndinkanyada. Anzanga a kusukulu ndinkawauza kuti azungu amandijambula. Mvula itayamba, alendo anachepa, ndipo bwanayo anati za chikhalidwe ziime kaye. Kaye ameneyo sanathe mpaka lero. Abambo anagulitsa gitala yawo kwa anyamata a kwaya n'kuyamba kabaza pa msewu wa ku boma.

Tsiku lina mvula ikugwa tili pa khonde, ndinawapempha kuti tiimbe nyimbo ya agogo, yonse, ndi ndime yake ija. Ankamata chubu cha njinga. Sanadzutse mutu.

"Ija ndi ya kuntchito, mwanangu," anatero.

Sanaiimbenso. Rumba ankamverabe pa wailesi, nyimbo za kutchalitchi ankang'ung'udza akupalasa njinga, koma ya amayi awo anaisiya pa kapinga paja.

Lero ndine woimba. Ndimaimba m'maukwati ndi m'misonkhano, ndipo achinyamata akandifunsa kuti nyimbo yanga ya pamtima ndi iti, ndimatchula ina iliyonse kuti nkhani ithe. Ya agogo ndimaidziwa, koma ndimadziwa ya kuhotela, yothamanga, yodulidwa mchira. Ndime yomaliza inali ya abambo okha, ine ndinkangodikira timawu tanga tovomera. Abambo atamwalira ndinawafunsa amayi, koma anati ankamva kulira kwake kokha, mawu sanawasunge. Ndinapita ku Chinguluwe, ndinapeza onse odziwa anatsikira kulichete kalekale.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Lamlungu loyamba lija linali tsiku lalikulu kuposa onse m'moyo wa abambo, chifukwa sindinaonepo anthu ochuluka chonchija akuwaombera m'manja. Tsopano ndikudziwa kuti anapereka chinthu chokhacho chimene amayi awo anawasiyira, kuti ife tidye nyengo imodzi ya mango. Bwana uja sindinamukhululukire, ngakhale nkhope yake ndinaiiwala. Mwana wa agogo uja analibe chithunzi kapena mtanda pa manda. Dzina lake linkakhala mu ndime imodzi ya nyimbo, ndipo palibenso amene amalidziwa.